Akatuluka kuchipatala, wodwala maganizo akagona kuti?

Kanyumba kake simuchita kufunsa. Mukangofika pakhomo, kaya ndi kwa Khombedza, kwa Pemba kapena kwa Ndindi m'boma la Salima, mukaona kali pakokha kumapeto kwa bwalo, kufupi ndi khola la mbuzi kapena dzala. Udzu wa padenga unada kalekale, pakati panabooka. Chitseko ndi lata lakutha lokhomera pathabwa, ndipo pokolowekera loko pali kunja, mkati mulibe. Mukalowa mupeza mphasa yodyeka ndi chiswe, mbale imodzi, ndi buku la kuchipatala lomwe linanyowa ndi mvula mpaka dzina la mankhwala silikuwerengekanso. Tinyumba totere ndalowamo tambiri poyendera mabanja osamalira odwala maganizo, a khunyu, ndi anthu amene mowa kapena chamba zinawagwira. Abale ambiri si ouma mtima, ndi otopa chabe. Koma munthu amene wabwera kuchipatala ali bwino, akamugoneka m'malo otere, sipapita miyezi yambiri matenda asanayambirenso, ndipo abale amati mankhwala sakugwira pomwe chavuta ndi pogona.

Nyumba imatayika pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri zimayambira kuukwati. Kuno ambiri timakwatira chikamwini. Bambo amamanga nyumba kwa mkazi, n'kukhalako zaka 15 kapena 20. Akadwala, kapena mowa ukafika ponyanya, ankhoswe amakhala pansi ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: "Mutengeni m'bale wanuyu akayambe wapeza bwino." Amabwerera kwawo ndi kachikwama kokha. Gowelo lomwe anasiya ali mnyamata linagwa kalekale, nyumba zomwe zilipo ndi za alongo ake ndi amuna awo, ndipo mwambo sulola kuti azigona m'nyumba imodzi ndi mlongo wake wapabanja. Ndiye amamupatsa khitchini, khonde, kapena chisakasa chosungiramo makasu. Mayi amene anatengedwa chitengwa zimamuchitikiranso chimodzimodzi, iye n'kuwonjezera kuti ana amatsala kuchimuna.

Kwina nyumba imatha mwini wake ali m'chipatala. Amene matenda akula amatumizidwa kuchokera kuchipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota kupita ku Zomba Mental Hospital, ena abale amawatengera kuchipatala cha St John of God ku Lilongwe, ndipo kumeneko angakhale masabata angapo ngakhale miyezi. Nyumba ya udzu yopanda munthu siitha dzinja limodzi. Chiswe chimakwera m'khoma mpaka kumapaso, mbuzi zimakhula makoma, pamene padontha sipapezeka wotseka. Wina amachotsa chitseko kuti "akasunge", wina bedi, wina malata awiri, ndipo zosungidwazo sizibwerera. Choncho tsiku lomwe wodwala wanyamuka, wina atenge kope alembe katundu yense wa m'nyumbamo pamaso pa mboni ziwiri. Mnyamata wapakhomopo azigonamo, kapena muzisonkhamo moto wa utsi kawiri pasabata wina ali pomwepo, chifukwa utsi umathamangitsa tizilombo todya udzu ndi mitengo. Tinjira ta chiswe ta pakhoma tizikokoledwa tikangooneka.

Nkhani ya pogona ikambidwe munthu asanatuluke, osati atafika kale pasiteji ndi chikwama. Pakhale mwinimbumba, amene adzakhale akumupatsa chakudya ndi mankhwala tsiku ndi tsiku, nyakwawa kapena amfumu, ndipo ngati n'kotheka mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Zogwirizana zilembedwe: adzagona nyumba iti, malowo ndi a yani, adzafolera ndani, adzamuperekeza ndani kukatenga mankhwala. Mwini wakenso afunsidwe. Ambiri amaiwala zimenezi ngati kuti akumangira khola, koma munthu amene sanafunsidwe kanyumbako sakaona ngati kake, ndipo amakathawa n'kumakagona kumsika kapena kudoko.

Malo omangapo ndi ofunika kuposa kukongola kwa nyumba. Ine ndimati mapazi 10 mpaka 15 kuchokera panyumba ya womusamalira, khomo litayang'ana pabwalo pomwe anthu amadyera ndi kucheza. Chifukwa chake n'chakuti chizindikiro choyamba choti matenda akubwerera nthawi zambiri ndi kusagona. Munthu amayamba kuyendayenda usiku, kulankhula yekha, kutsegula ndi kutseka chitseko. Akakhala pafupi mumamva usiku woyamba kapena wachiwiri, n'kupita naye kuchipatala zinthu zisanafike poipa. Akakhala kumapeto kwa munda mumadzadziwa pakatha sabata, atang'amba kale zovala. Wa khunyu akagwa usiku mumamvanso. Komabe kumuthinikiza m'chipinda chimodzi ndi ana asanu ndi wailesi yosatseka si kumuthandiza. Phokoso ndi kumangomudzudzula tsiku lonse, "taonani waulesiyu, angodya basi", zimadzutsa matenda ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika. Afunika pake pothawira phokoso, koma pafupi.

Pewani malo otsika. Tinaona mu 2024 madzi atasefukira ku Dwangwa kwa Kanyenda, nyanja nayonso itakwera n'kulowa m'nyumba za m'mbali mwake. Pa nthawi yotere amene amatsala m'mbuyo ndi uja anamumangira kunsi kwa mudzi, amene wamwa mankhwala ogonetsa madzulo ndipo sakumva kuti anthu akuthawa.

Chipinda chimodzi cha mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi chimakwana, khoma lotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka. Pa khoma la njerwa ziwiri konzani njerwa pafupifupi 3,000 kuphatikizapo maziko, ngakhale zimatengera kukula kwa chikombole chanu. Khoma la njerwa imodzi limadya theka lake, koma silipirira kumenyedwa ndi kutsamiridwa, ndiye ngati njerwa zachepa ikani zipilala m'makona ndi pambali pa chitseko. Zidina n'zabwinobwino, bola mizere ya pansi, kufika masentimita 40 kuchokera panthaka, ikhale ya njerwa zowotcha, ndipo pamwamba pa maziko muyale pulasitiki wakuda kuti chinyontho chisakwere. Pa dothi la makande, lomwe limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, kumbani maziko osachepera masentimita 60 ndipo pansi pake thirani mchenga, apo ayi khoma lidzang'ambika chaka chomwecho. Mkati mukwezemo ndi dothi kuti mukhale pamwamba kuposa bwalo. Mazenera akhale awiri moyang'anana, aang'ono, otsekera ndi thabwa osati galasi. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala mumakudziwa, ndipo mankhwala monga chlorpromazine amachititsa kuti thupi livutike kupirira kutentha, khungu lipse msanga ndi dzuwa, munthu azimva chizungulire akadzuka mofulumira. N'chifukwa chake khonde si chokongoletsera. Ndi pamene adzakhale masana, pamthunzi, akuona anthu.

Za denga anthu amatsutsana, ndipo yankho limatengera munthu wake. Amene amasuta fodya kapena chamba m'nyumba, amene amakonda kusonkha moto usiku, ndi wa khunyu, denga lawo likhale la malata ngati banja lingathe. Kachipinda ndanena kaja, denga lopendekera mbali imodzi, kamafuna malata pafupifupi 7 a mafiti 14. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati mumkwasa moyenda madzi. Mitanda ya denga imangiriridwe kukhoma ndi waya wolowetsedwa mizere 4 kapena 5 ya njerwa kuchokera pamwamba pa nthawi yomanga. Kusanjika miyala ndi njerwa padenga sikuletsa mphepo ya mvula yoyamba kusasula, ndipo miyalayo imagwera anthu. Koma kwa munthu amene mowa wafika pomugulitsitsa katundu, malata ndi ndalama yomwe ili pamwamba pa mutu wake. Amazula limodzi lero, lina sabata yamawa. Pamenepo kuli bwino udzu, kapena mukhome malatawo n'kupinda misomali kunsi kuti pozula ang'ambike, ndipo amfumu alengeze pamsonkhano kuti wogula chitseko kapena lata kwa munthuyo adzabweza popanda kubwezeredwa ndalama. Pamene amfumu alankhula motero, ogula amasowa.

Mukasankha udzu, mwetani mu Juni kapena Julayi tchire lisanapse, ndipo kufolera kuthe Novembala asanafike. Denga likhale lotsetsereka kwambiri kuti madzi asamaime, pansi pa udzu muyale pulasitiki, ndipo mapaso muwapake oilo wakutha wa galimoto kuteteza chiswe.

Tsopano chitseko, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Loko wakunja waphetsa anthu. Banja limatopa ndi munthu woyendayenda usiku, limamutsekera, mwina n'kumumanga unyolo kumwendo pa nsichi, n'kupita kukagona kapena kumunda. Mkatimo muli machesi kapena kandulo, pamwamba pali udzu wouma. Nyumba ya udzu ikagwira moto imatha m'mphindi zochepa, wa kiyi asanafike n'komwe. Ngakhale moto usabuke, munthu wotsekeredwa amadzithandizira momwemo, unyolo umatupitsa mwendo n'kuboola zilonda, ndipo amayamba kuona abale ake ngati adani. Tsiku limene mudzamutsegulire sadzalandiranso mankhwala kuchokera m'manja mwanu. Chitseko chake chizitsegukira kunja, kuti akagwa n'kutsamira pachitseko muthe kulowa, komanso kuti asachitchinge ndi katundu. Chikhale ndi kotsekera mkati, pakuti naye ndi munthu wamkulu wofuna ulemu, ndipo amayi odwala maganizo ogona okha amagwiriridwa ndi anthu odziwa kuti sadzakhulupiriridwa akanena. Koma kotsekerako kakhale koti abale angatsegule ali kunja: loko wa makiyi awiri, wina asunge womusamalira, kapena kamtengo kozungulira pamsomali komwe mungakankhe ndi waya kudzera pakabowo.

Akayamba kuvuta, chochita si kutseka chitseko. Chotsani ana, chotsani zikwanje, nkhwangwa ndi makasu pabwalo. Anthu asamuunjirire. Alankhule naye munthu mmodzi amene amamumvera, motsitsa mawu, ataima chapatali osatchinga khomo, kwinaku ena akufuna galimoto kapena njinga yamoto. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati pali chiopsezo cha moyo apolisi a m'dera angathandize kumuperekeza. Kumbukiraninso kuti kuno ndi kwa malungo. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha, akayezedwe magazi, musangoti ayambiranso. Neti m'kanyumbamo isasowe, ndipo muzionetsetsa kuti sinapite kunyanja kukakokera usipa.

Moto wophikira usakhale mkati. Kwa wa khunyu, mafuwa a pansi ndiwo amapundula: amagwera pamoto, ndipo ena amaopa kumukoka poganiza kuti thovu lake limapatsira, zomwe si zoona. Khunyu sapatsirana. Aziphikira limodzi ndi banja, kapena mumuumbire chitofu chadothi chokwera chotchinga m'mbali. Koloboyi ndi kandulo zichoke, mumugulire tochi kapena kanyali ka sola. Mdima weniweni nawonso si wabwino kwa amene amaona kapena kumva zinthu zomwe ena sakuziona, kuwala pang'ono usiku kumamukhazika mtima pansi.

M'kanyumbamo musasungiremo zomwe mwasowa poika. Ndimapeza kawirikawiri mabotolo a mankhwala opopera thonje, mankhwala a anankafumbwe ndi a makoswe ali pakona m'chipinda cha munthu amene wakhala akunena kuti moyo wamutopetsa. Zimenezi zikhale kwina kokhoma. Munthu akanena zofuna kudzipha musamuseke kapena kumukalipira, musamusiye agone yekha, ndipo mupite naye kuchipatala. Mankhwala ake a mwezi wonse asunge womusamalira, m'chitini chotseka bwino, pamalo ozizira osati pamwamba pa khoma kunsi kwa malata, ndipo azimupatsa a tsikulo. Ena mwa mankhwalawa, monga amitriptyline, carbamazepine ndi phenobarbitone, ndi oopsa akamwedwa ambiri nthawi imodzi. Buku la kuchipatala likhale mujumbo momwemo m'chitinimo. Amene amabayitsa jakisoni wa pamwezi, tsiku lake lilembedwe pakhoma ndi khala. M'dzinja mitsinje ikadzaza njira zimaduka, ndiye pemphani achipatala nthawi ilipo kuti muone mmene mungachitire kuti mankhwala asathe pakati pa Januwale ndi Malichi. Akauma khosi, kunjenjemera manja kapena kutuluka dovu, musamusiyitse mankhwalawo nokha, kauzeni achipatala, pali mankhwala ochepetsa zimenezo ndipo mlingo umatha kusinthidwa.

Chimbudzi chikhale pafupi, njira yake yosesedwa. Mumchenga wa m'mbali mwa nyanja dzenje limagumuka, choncho likhale lozungulira ndipo muliwake ndi njerwa kapena mulowetsemo nkhokwe yoluka ndi nsungwi. Bowo likhale laling'ono loti phazi silingalowe. Wa khunyu azisamba kubafa ndi madzi a m'ndowa, osati kunyanja kapena kumtsinje yekha.

Za mowa ndinenepo mosabisa. Mabanja ena amatsekera chidakwa m'nyumba masiku atatu kuti "mowa umuchoke". Kwa munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku lililonse kwa zaka, kusiya mwadzidzidzi kungamuphe. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pasanathe tsiku, ena amakomoka ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo cha patsiku lachitatu ena amasokonezeka kwambiri, kuona tizilombo pakhoma, thupi kutentha. Kusiya kotere kuchitikire kuchipatala kapena motsogozedwa ndi achipatala. Akabwerako, kanyumba kake kasayang'anane ndi pomwe amatcheza kachasu. Ngati ndi pakhomo pomwepo pamene amatcheza, poti ndi pomwe pamachokera ndalama ya sopo ndi fizi, kuli bwino akakhale kwa m'bale wina kusiyana n'kumuuza kuti apirire fungo tsiku lonse. Malamulo a pakhomo akhale ochepa ndi omveka: anzake omwa nawo asalowe m'kanyumbamo, akabwera ataledzera agone chammbali osati chagada kuti masanzi asamutsamwe, ndipo akamenya munthu nkhani ipite kwa amfumu kapena kupolisi. Koma chilango chisakhale kumulanda pogona. Wothamangitsidwa amathera kumadoko, ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Lifuwu, kugona pansi pa thandala la usipa kapena m'bwato, kukoka nawo makoka kuti apeze ya botolo lina, ndipo kumeneko mowa ndi chamba sizisowa. Kumubweza kuchokera kumeneko n'kovuta kuposa kumupirira pakhomo. Pokhapokha ngati mkazi ndi ana ali pachiopsezo, pamenepo chitetezo chawo ndicho choyamba, iye apezeredwe pogona kwa abale ake aamuna.

Amene mukumuchitira lendi pa Kamuzu Road ku Salima, ku Benga kapena ku Dwangwa, ndalama muzipereka nokha kwa mwini nyumba, mwezi ndi mwezi, n'kulemberana. Musapereke ya miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, chifukwa akathamangitsidwa mwezi wachiwiri ndalamayo siibwera. Mwini nyumbayo muuzeni zoona pang'ono ndipo mumusiyire nambala ya foni ya m'bale, kuti zikavuta ayimbe kaye asanatulutse katundu panja.

Pansi pa zonsezi pali malo. Munthu akadwala, munda wake wa mpunga kapena dimba lake ena amayamba kulima "mongomusungira", zaka zitatu zikatha ndi lawo. Wa mowa amapinyolitsa munda pa ngongole ya katapila. Malo a m'mbali mwa nyanja ndiye akufunidwa kwambiri ndi anthu a m'tauni, ndipo wodwala amasainitsidwa pepala ali wosokonezeka. Kudwala maganizo sikuchotsa ufulu wa munthu pa malo kapena pa chuma cha makolo ake, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Yendani m'malire a malo ake pamodzi ndi amfumu ndi oyandikana nawo, bzalani mitengo kapena khonje m'malirewo, lembani. Kumene makomiti a malo a lamulo la 2016 anakhazikitsidwa, kalembetseni m'dzina lake, osati la womusamalira. Munda ukabwerekedwa, zilembedwe kuti ndi kwa chaka chimodzi ndipo matumba angati apita kwa mwini wake, pakuti matumba amenewo ndiwo adzagule udzu ndi sopo. Zikavuta pali ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndi a Legal Aid Bureau, omwe amathandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya. Polemba mayina a Mtukula Pakhomo, amene amafuna mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, wodwala wogona kumapeto kwa bwalo amadumphidwa chifukwa palibe womulankhulira, kapena alembi akabwera iye kulibe. Wina apite kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi akamutchule dzina.

Pomanga, musamuike pambali kuti azingoonerera. Ngati wapezako mphamvu aponde nawo dothi, atute njerwa, asankhe pomwe pakhale zenera. Achinyamata a kumpingo kapena kumzikiti akagwirizana, njerwa 3,000 amaumba m'masiku ochepa, chakudya chokha ndicho chimafunika. Akalowamo, kuzira pansi ndi kusesa ikhale ntchito yake, wina azingomukumbutsa, ndipo nsima azidyera pabwalo ndi anzake osati kumutumizira mwana ndi mbale kuti akaisiye pakhomo.

Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, womusamalira alowe m'kanyumbamo masana dzuwa lili paliwombo, atseke chitseko ndi mazenera, ayang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala padzalowa madzi. Agogode mapaso ndi kamtengo, amene akumveka ngati ng'oma chiswe chadya mkati, asinthidwe. Anyamule mphasa aone pansi pake ngati pali chinyontho kapena nsikidzi, ayese kutsegula chitseko ali mkati ndi dzanja limodzi, kenako atuluke ayesenso ali kunja ndi kiyi wake uja.